Bokosi Logawa Mphamvu: Mafunso ndi Mayankho kwa Eni Magalimoto a ku Kitwe ndi Ndola

Kodi transfer case ndi chiyani, ndipo imakhala pati?

Munthu akagona chagada pansi pa Hilux, Land Cruiser kapena Pajero, nayang'ana kuseri kwa giyabokosi, adzaona bokosi lina locheperapo, lomwe mwatuluka mapropushafuti awiri, ina yolunjika kutsogolo, ina kumbuyo. Limenelo ndilo amakaniko alitcha transifa, ndipo ntchito yake ndi ya kapitao wokhulupirika, pakuti lilandira mphamvu yochokera ku injini ndi kuigawira mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo. Pa 2H akoka ndi akumbuyo okha, pa 4H akoka onse anayi, ndipo pa 4L magiya ena a m'katimo achepetsa liwiro, mu Hilux pafupifupi kawiri ndi theka, nachulukitsa mphamvu mwa muyeso womwewo, kuti galimoto itumphuke m'thope ili chikwawire.

Nanga n'chifukwa ninji liwonongeka kawirikawiri kuno kwathu?

Chifukwa ife a ku Copperbelt, kumene ana athu akuti ku Kopala, tiyenda m'misewu ya mitundu iwiri tsiku limodzi. Kuyambira November kufikira April, mlimi wa ku Mpongwe kapena wogula chimanga ku Lufwanyama sangachitire mwina koma kuika 4H; tsono tsoka limpeza pamene watulukira pa tala, naiwala kubwezera ku 2H, nathamanga makilomita ngati 60 a pakati pa Kitwe ndi Ndola. Pokhota, mawilo akutsogolo ayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. M'matope wilo limodzi literereka pang'ono, kukangana kwa zitsulo n'kutha, koma pa tala youma palibe literereka, motero mphamvu yonseyo ipotana m'kati, tcheni nichitamuka, mano a magiya nabenthuka. Prado ndi Defender zili ndi difu yapakati yolola kusiyanako, komabe nazonso, mwini akatseka difuyo pa tala, zilowa m'tsoka lomwelo.

Ziliponso zina: matayala akaunjika osiyana msinkhu, amene akanganitsa mawilo ngakhale poongoka, madzi olowera pa kabowo kopumira powoloka dambo, ndiponso kusagwiritsa ntchito, pakuti kamota kamagetsi kolowetsa 4H m'magalimoto atsopano kachita dzimbiri kakakhala chilimwe chonse kosatakasika. Nkwabwino kuika 4H pa msewu wafumbi kamodzi pa mwezi.

Ndingadziwe bwanji kuti layamba kudwala?

Limalira mokukuta kapena mong'ung'uza pansi pa mpando, likana kulowa kapena kutuluka mu 4H, kanyali kake kaphethira osaleka, ndipo pogona galimoto papezeka madontho a oyilo m'mawa. Koma chenjerani, pakuti mtanda wa propushafuti ukatha, kapena bering'i ya wilo, kulira kwake kufanana ndithu, pamene mtengo wake uli wochepa kutalitali.

Oyilo wake ndi uti?

Ndi amene buku la galimotoyo lanena, osati amene ali pafupi ndi dzanja la makaniko. Ma Toyota ambiri akale afuna 75W-90, magalimoto ena afuna ATF wofiira uja, ndipo muyeso wake kawirikawiri ndi lita imodzi kapena imodzi ndi theka basi, kotero kuti kudontha kwa miyezi yowerengeka kuumitsa bokosi lonse. Oyilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Pomusintha, yambani kumasula chitsekerero cha kumwamba, chothirirapo. Mukayamba ndi cha pansi, chakumwambacho nichikana, mudzatsala ndi bokosi louma lopanda polowetsera.

Kodi n'zoona kuti magaraja ena amazunza anthu pa chinthu chimenechi?

Ndi zoona, ndipo ndinena zimene maso anga anaona. Chaka china ndinapereka Hilux yanga ku garaja ina ku Kitwe chifukwa cha kanyali kophethira, ndipo bambo mwini malowo, asanagwade n'komwe kuti asuzumire pansi, anati, "Achikulire, transifa yapita, tiitsitse." Ine, poopa kuoneka mbuli pamaso pa anyamata ake, ndinavomera. Nditabwera tsiku lachitatu ndinapeza bokosi langa lili pa chiguduli, magiya ake ali m'beseni losweka pamodzi ndi mabauti a galimoto ya munthu wina, fumbi la August likugwera m'mabering'i; ndipo kuyambira pamenepo ndinakhala kapolo wa mawu akuti "mawa," lero sipeya ili pa Nakonde, mawa mnyamata wodziwa wapita ku maliro, mkuja foni yosayankhidwa, kufikira anakwana masabata asanu ndi awiri ndikuyenda pa minibasi ndi kulipira galimoto ya eni yonditutira katundu. Itatuluka, kanyali kanali kaphethirabe. Makaniko wina wachikulire ku Ndola, amene anati anaphunzira ku koleji ya NORTEC, anagona pansi ndi kamita kake koyezera magetsi, napeza waya wothethekera pa pulagi ya kamota, naulumikiza dzuwa lisanapendeke. Chimene chinandiwawa koposa ndalama n'chakuti bokosi lomwe linalibe chilema linatsegulidwa ndi manja osasamala, ndipo kuyambira pamenepo lidontha. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo wosafunsayo ndinali ine.

Sindinena kuti onse ali otero. Alipo amisiri oopa Mulungu, ena a iwo ogwira ntchito pansi pa mtengo, amene dzanja lawo liposa la a m'nyumba zowala.

Tsono ndichite chiyani ndisanasiye makiyi?

Pemphani mwaulemu kuti makaniko akwere nanu, amve yekha kulirako, ndipo muti, "Bambo, tisanamasule kanthu, tayambani mwaona oyilo, mafyuzi, mawaya ndi mitanda." Akanenetsa kuti bokosi litsike, akuonetseni umboni, monga tizitsulo tonyezimira mu oyilo wotsanulidwa. Pamenepo alembe pa pepala nthenda imene waipeza, mtengo wa masipeya padera, wa ntchito padera, tsiku lotsiriza, ndi miyezi imene adzayankha mlandu likadwalanso. Mulembenso makilomita a pa wotchi, musapereke ndalama zonse poyamba, ndipo munene pachiyambi pomwe kuti zitsulo zakale mudzazitenga. Mmisiri woona sakwiya ndi mafunso otere.

Akandilakwira, ndikadandaule kuti?

Lamulo la Competition and Consumer Protection Act, nambala 24 la 2010, lifuna kuti wogwirira anthu ntchito aigwire mosamala, mwaluso, ndi m'nthawi yoyenera, ndipo wolephera akhoza kulamulidwa kubweza ndalama kapena kuibwereza. Dandaulo lipita ku bungwe loyang'anira lamuloli, la CCPC, limene lili ndi ofesi ku Kitwe. Kulinso Small Claims Court, kumene munthu adzinenera yekha popanda loya. Mlandu suola, koma wopita kumeneko wopanda lisiti kapena pepala lija adzavutika kuutsimikiza.

Kodi ndigule bokosi lakale lochokera ku Japan, kapena ndikonzetse langa?

Ngati chatha ndi tcheni, bering'i kapena silo, konzetsani lanu, pakuti mbiri yake muidziwa. Ngati chikombole chake chang'aluka, gulani lina, koma pokumbukira chikomekome cha mkuyu, popeza ogulitsa alitsuka kunja kuti liwale. Yerekezani nambala yake ndi ya lanu, chifukwa la giya ya otomatiki ndi la giya yamanja sizilowana nthawi zonse. Zungulizani mashafuti ndi dzanja m'magiya onse, kumvetsera ngati pali pogwira. Masulani chitsekerero cha pansi muone chotulukamo. Ndipo wogulitsa alembe pa lisiti masiku amene mukhoza kulibweza likakana.