NYAMAKAZI YA M'MAWONDO NDI M'CHIUNO: MLIMI ASALEKE KUYENDA

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, ndi chisanu cha June ndi July chikafika, alimi achikulire ambiri a ku Mulungushi, kufupi ndi Kabwe, angokhala padzuwa tsiku lonse, namati akupumitsa mawondo. Koma mvula ikagwa mu November, apeza kuti miyendo yauma koposa kale, ndipo munda uchedwa kubzalidwa.

Nthenda imeneyi ndi nyamakazi ya m'mfundo za mafupa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerenga kuti m'chaka cha 2019 anthu okwana 528 miliyoni anali nayo, ambiri a iwo m'mawondo. Igwira akazi koposa amuna.

Kunsonga kwa mafupa kuli kafupa kofewa ndi koterera. Kafupa kameneka kalibe mitsempha ya magazi. Chakudya chake kachipeza m'madzi a m'mfundomo, ndipo madziwo alowa bwino pamene mwendo ukupindika ndi kuwongoka. Tsono munthu akangokhala, mfundo iuma, minofu ya ntchafu ifooka, ndipo bondo lisenza lokha katundu yense wa thupi. Ambiri aopa kuti kuyenda kudzatsiriza bondo. Mantha amenewa ndiwo alemaza anthu.

Ena ati, kodi kulima sikukwanira? Iyayi. Kuwerama ndi khasu lalifupi tsiku lathunthu, kunjuta nthawi yaitali, ndi kusenza thumba la makilogalamu 50, zilemetsa mfundo osazilimbitsa. Chofunika ndicho kuyenda pang'ono tsiku ndi tsiku, ngakhale m'chilimwe. Woyamba ayende mphindi 10 pa njira yosalala, nawonjezere mlungu ndi mlungu kufikira mphindi 30, masiku asanu pa mlungu. Kupalasa njinga nkwabwinonso, chifukwa thupi likhala pa chishalo, osati pa mawondo.

Kulimbitsa ntchafu sikulira ndalama. Mlimi akhale pa mpando wautali, awongole mwendo umodzi, awerenge mpaka 5, nautsitse pang'onopang'ono. Achite chomwecho kakhumi, mwendo uno ndi winawo. Pambuyo pake aimirire ndi kukhalanso kakhumi, osagwira kanthu ngati angathe. Mpando waufupi kwambiri suyenera pa ntchitoyi. Wogwira ndodo aigwire ku dzanja la mbali imene sikupweteka. Ambiri alakwa pamenepa.

Kupweteka pang'ono poyamba sikuoneka kuti fupa likuwonongeka. Ngati ululu wabwerera mwakale pofika mawa lake, zili bwino. Ngati ukupitirira, achepetse, koma asaleke. Phindu lioneka patapita milungu ingapo.

Bondo likatupa mwadzidzidzi, likatentha, munthu nakhala ndi malungo, kapena akalephera kuponda atagwa, imeneyo ndi nkhani ina. Apite ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo. Wofuna kuphunzitsidwa mwatsatanetsatane afunse anamwino za akatswiri a fizyotherapi a ku chipatala chachikulu cha Kabwe.