Zilumba za ku Feira

Mtsinje wa Luangwa ucokera ku mapiri a Mafinga, kumpoto ca kum'mawa kwa dziko la Zambia. Uyenda makilomita oposa 700 m'cigwa cotentha, ndipo potsiriza uthira madzi ake m'Zambezi. Pa mathiriro amenewo pali mudzi wa boma wochedwa Luangwa, umene kufikira caka ca 1964 unali kudziwika ndi dzina lakuti Feira. Munthu akaima pa gombe la mudziwo aona maiko atatu nthawi imodzi. Pamene waimapo ndi Zambia. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique. Ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli Zimbabwe, kumene kuli mudzi wa Kanyemba. Malo amenewa ndiwo otsika koposa onse m'Zambia, ndipo m'mwezi wa Okutobala kumatentha koopsa.

M'mitsinje iwiriyi muli zilumba zambiri, zazikulu ndi zazing'ono. Kuyambira kale zilumbazo zakhala zikuthandiza apaulendo. Koma zithandiza yekhayo amene adziwa makhalidwe a mtsinje, ndi kulemekeza eni malo, anthu ndi nyama zomwe.

Mapangidwe a zilumba

M'dzinja Luangwa adzala kwambiri, ndipo madzi ake afiira ndi dothi limene akokolola kumtunda. Pamene madziwo afika poti mtsinje watambalala, liwiro lao licepa, ndipo mcenga umene anyamula ukhala pansi. Caka ndi caka mcengawo uunjikana, kufikira uonekera pamwamba pa madzi m'cilimwe. Poyamba pamera mabango. Mizu ya mabango igwira dothi. Pambuyo pake pamera udzu ndi mitengo monga misangu. Cotero mulu wa mcenga usanduka cilumba.

Komatu cimene mtsinje wamanga, mtsinje womwewo ukhoza kucigumula. Cilumba cimene asodzi anagonapo caka catha cikhoza kusowa caka cino, ndipo pamene panali pozama pakhoza kukhala posaya. Anthu naonso asintha mayendedwe a Zambezi. Damu la Kariba, limene linatha kumangidwa m'caka ca 1959, linacepetsa kusefukira kwa madzi a kumtunda. Damu la Cahora Bassa, la m'caka ca 1974, linapanga nyanja yaitali imene nsonga yake ifika kufupi ndi Zumbo. Ndico cifukwa cake woongolera bwato sakhulupirira njira ya caka catha, koma ayang'ana madzi tsiku ndi tsiku.

Eni zilumba

Cilumba cioneka ngati copanda mwini, koma eni ake alipo. Mvuu zikhala m'madzi usana wonse, ndipo usiku zituruka kukadya udzu, zikutsata njira zao zomwezo masiku onse. Ng'ona ziothera dzuwa pa mcenga. Njobvu zidziwa kusambira, ndipo m'cilimwe zioloka kukadya zipatso za misangu pa zilumba za kumtunda kwa Feira. Njati nazo zioloka pofuna msipu wauwisi. M'madzi muli nsomba zambiri, ndipo yochuka koposa ndi mceni, wa mano akuthwa, umene alendo abwera kudzawedza kucokera kutali.

Amalonda a kale

Ca m'ma 1720 amalonda a pansi pa ulamuliro wa Apwitikizi, ena a iwo ocokera ku Goa m'dziko la India, anakwera Zambezi kucokera ku Tete, namanga malo a malonda pa mathiriro a Luangwa. Dzina lakuti Feira m'Cipwitikizi litanthauza msika. Iwo anabwera ndi nsalu ndi mikanda, nagula golidi ndi minyanga ya njobvu. M'zaka za pambuyo pake kunadzanso malonda oipa ogula anthu. Mabwato ao anali kupalasidwa ndi Acikunda, amene anachuka kwambiri pa nchito ya pamadzi ndi pa usaki wa njobvu. Zidzukulu zao zikali m'dera la Mfumu Mphuka mpaka lero. M'zaka za m'ma 1830 malonda anagwa, amalonda anacoka, ndipo nyumba zao za miyala zinasanduka mabwinja.

Livingstone aoloka Luangwa

Pa 14 Januwale 1856 David Livingstone anafika pa mathiriro a Luangwa, ali pa ulendo wopita ku nyanja ya kum'mawa. Anali ndi anthu oposa 100 amene Mfumu Sekeletu ya Amakololo inampatsa, ndiponso ng'ombe zocepa. Poyendayenda pamalopo anapeza bwinja la chalichi, ndi belu losweka lili pansi.

Anthu a Mfumu Mburuma sanakondwere nao alendowo, ndipo anali ndi cifukwa cabwino. Kale pang'ono wamalonda wina wokhala ndi mfuti anakwera mtsinje, nathira nkhondo pa zilumba za kumtunda, nagwira anthu ukapolo. Tsono pakuona khamu lina lotsogozedwa ndi Mzungu, iwo anaganiza kuti zoipa zomwezo zabweranso.

Madzulo a tsikulo Livingstone anabvutika mtima. Anaganiza zooloka mobisa usiku, koma atawerenga Buku Lopatulika anasintha maganizo, naona kuti kuthawa sikuyenera. M'mawa mwake amuna a m'midzi yozungulira anasonkhana ndi zida zao, ndipo akazi ndi ana anauzidwa kuti acoke. Mtsinje unali wodzala, ndipo m'lifupi mwake munali mamita oposa 800. Eni dooko anabwereka alendowo bwato limodzi lokha, ngakhale mabwato ena awiri anali omangidwa pagombe pomwepo.

Apa ndi pamene cilumba cinathandiza. Pakati pa mtsinje panali cilumba, ndipo Livingstone analamula kuti katundu yense ayambe wapita pamenepo, pambuyo pake ng'ombe ndi anthu. Motero bwato silinali kuyenda mtunda wonse pa ulendo uliwonse, ndipo amene anatsogola anali pa malo obvuta kuwafikira. Iye mwini anatsala pagombe, akuonetsa amuna a zida aja wochi yake ndi galasi lotentha zinthu ndi dzuwa. Iwo anasonkhana momzinga kuti aone zodabwitsazo, ndipo bwato linapitabe ndi kubwera. Onse ataoloka, iye analowa m'bwato potsiriza, atathokoza eni dziko ndi kuwafunira mtendere. Palibe mubvi umene unaponyedwa, palibenso mfuti imene inalira. Akadathawa usiku, eni dziko akadatsimikiza kuti iye ndi mdani. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Ulendowo unafika ku Tete m'mwezi wa Marichi, ndi ku Quelimane m'mwezi wa Meyi caka comweco.

Maulendo a masiku ano

Masiku ano kuli anthu amene ayenda pa Zambezi osati cifukwa ca malonda, koma kuti aone mtsinje ndi nyama zake. Ambiri ayambira ku Chirundu, natsika ndi madzi m'mabwato opepuka, awiriawiri m'bwato limodzi. Kumanzere kwao kuli nkhalango yosungira nyama ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1983. Kumanja kuli Mana Pools, m'Zimbabwe. Pambuyo pake mtsinje upanikizika pakati pa mapiri, pa malo ochedwa Mupata, ndipo ukaturuka pamenepo ufika ku Kanyemba ndi ku Luangwa. Ulendo wonsewo utenga masiku angapo, ndipo usiku uliwonse apaulendo amanga mahema pa cilumba.

Gulu lililonse likhala ndi mtsogoleri wodziwa mtsinje, ndipo iye ndiye apalasa patsogolo. Ulendo uyamba mbandakuca, pakuti m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala dzuwa likakwera kuomba mphepo yocokera kumunsi kwa mtsinje, imene iutsa mafunde ndi kubweza bwato m'mbuyo. Masana apuma pamthunzi, ndipo afika pa cilumba cogonapo dzuwa lisanalowe, kuti aone bwino malo.

Pamadzi mdani woopsa koposa ndi mvuu. Mvuu ikadzidzimuka ithamangira pozama. Cifukwa cace wopalasa wanzeru ayenda posaya, ndipo salowa pakati pa mvuu ndi madzi ozama. Pofika pokhota mtsinje, mtsogoleri agogoda bwato ndi nkhafi. Mvuu zikamva phokosolo zidzutsa mitu, ndipo iye aona pamene zili, nazilambalala. Mvuu ya mwana ndi yamphongo yokhala yokha azipatsa malo ambiri. Palibe amene aloledwa kulendewetsa dzanja kapena phazi m'madzi, cifukwa ng'ona siicenjeza.

Pa cilumba palinso malamulo ake. Hema samanga pa njira ya mvuu, kapena pansi pa msangu umene pali ndowe za njobvu zatsopano. Mabwato awakokera pamtunda ndi kuwamanga, pakuti madzi akhoza kukwera usiku. Ndipo munthu wosiyidwa pa cilumba wopanda bwato ali m'tsoka lalikulu. Potunga madzi munthu sagwada pa malo amodzimodzi kawiri, ndipo madzi akumwa awawiritsa. Aliyense agona m'ukonde wa udzudzu, cifukwa malungo ndi ambiri m'cigwa cimeneci. M'mawa azima moto, natenga zinyalala zonse, kuti obwera pambuyo apeze malo abwino.

Ciliponso cinthu cina cimene apaulendo a kale sanacidziwe. Malire a maiko tsopano atsata mitsinje imeneyi, kotero kuti cilumba cina ndi ca Zambia, cina ca Zimbabwe, cina ca Mozambique. Wogona pa cilumba ca dziko lina wopanda cilolezo akhoza kugwidwa. Cotero wapaulendo ayenera kufunsa kwa a boma ndi kwa eni malo asanakoceze bwato lake. Safunsa anadya phula.

Ana a pagombe

Kwa anthu a ku Luangwa zilumba si malo ongoonerako zodabwitsa. Asodzi achera maukonde ao m'mbali mwa zilumba, ndipo nsomba zouma za kumeneko zigulitsidwa pa mlatho wa Luangwa, pa mseu waukulu wopita ku Chipata. Tsiku ndi tsiku mabwato aolotsa anthu kupita ku Zumbo ndi ku Kanyemba, kumene ambiri ali ndi abale. Mnyamata wa pagombe aphunzira kupalasa bwato akali wamng'ono, ndipo atate ake amsonyeza kusiyanitsa madzi ozama ndi osaya poyang'ana maonekedwe ake. Nzeru imene alendo alipira ndalama zambiri kuti iwatsogolere ndi yomweyo imene makolo a pa Zambezi akhala akuphunzitsa ana ao kwa mibadwo yambiri. Mwana amene aisunga nzeruyo adzaoloka bwino, ndipo tsiku lina adzaolotsanso ena.

Mafunso

1. Chulani maiko atatu amene akomana pa mathiriro a Luangwa.
2. Fotokozani mmene mulu wa mcenga usandukira cilumba.
3. Dzina lakuti Feira litanthauzanji, ndipo linacokera ku cinenero citi?
4. Cifukwa ninji anthu a Mfumu Mburuma anakayikira Livingstone?
5. Kodi cilumba cinamthandiza bwanji Livingstone pooloka ndi bwato limodzi?
6. Cifukwa ninji wopalasa sayenera kulowa pakati pa mvuu ndi madzi ozama?
7. Lembani malamulo anai oyenera kusunga pogona pa cilumba.
8. Jambulani mapu osonyeza Luangwa, Zambezi, Zumbo ndi Kanyemba.