Matayala Aakulu ndi Kukweza Pikapu: Zoyenera Kudziwa Musanagule

Mvula ikakhazikika, misewu yadothi imatsala ndi ngalande ziwiri zakuya zomwe malole ndi mathirakitala akumba, pakati pake pali chitunda. Pikapu ikalowamo imakhalira mimba pachitundapo, matayala n'kumangozungulira osagwira kanthu. N'chifukwa chake alimi ndi amalonda okhala ndi Toyota Hilux, Isuzu D-Max kapena Ford Ranger amaganiza zoika matayala aakulu ndi kukweza galimoto. Zonse ziwiri zimathandiza, koma ntchito yake ndi yosiyana, ndipo ambiri amataya ndalama chifukwa chosadziwa kusiyanako.

Chimene chimagunda pansi

Gwadani kumbuyo kwa galimoto yanu, musuzumire kunsi. Pakati pa matayala awiri muona chitsulo chobulungira, difu. Nthawi zambiri ndi yomwe imayamba kukhula pansi, ndipo mudzaipeza ndi zipsera. Mukakweza masipuling'i, bodi ndi chesisi zimakwera, koma difu imatsala pomwe inali chifukwa ili pa ekiselo imodzi ndi matayala. Chokweza difu ndi tayala lalitali basi. Choncho ngati vuto lanu ndi chitunda cha pakati pa msewu, yambani ndi matayala.

Manambala a pa tayala

M'mbali mwa tayala mwalembedwa manambala monga 265/65 R17. Nambala ya 265 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, 65 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi maperesenti 65 a mulifupimo, ndipo 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Tayala lotere ndi lalitali mamilimita pafupifupi 776. Mukaika 265/70 R17 pa rimu yomweyo, limafika pa 803. Kusiyana kwake ndi mamilimita 27, koma difu imangokwera theka lake, mamilimita 13 kapena 14. Zikuoneka zochepa, komabe m'matope zimatha kukudutsitsani pomwe mnzanu watitimira.

Tayala likakula, galimoto imadzuka molemera, imamwa mafuta ochulukirapo, ndipo mabuleki amavutika kuiimitsa. Choonetsa liwiro nachonso chimayamba kunama: chikaloza 80, inu mukuthamanga pafupifupi 83, ndipo kamera ya apolisi a pamsewu imaona liwiro lenilenilo. Musanalipire, muuzeni wogulitsa aike kaye matayala awiri akutsogolo, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, mumve ngati akukhula madigadi.

Kwa amene amayenda pa tala ndi padothi pomwe, matayala olembedwa A/T ndi okwanira. A M/T ali ndi mano akuluakulu ogwira bwino m'matope, koma pa tala amalira ndipo mvula ikanyowetsa msewu sagwira bwino. Onaninso nambala ya katundu yomwe imatsatira kukula kwa tayala: 112 ikutanthauza makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi. Musatsike pa nambala imene galimoto inabwera nayo. Ngati matayalawo ndi a kaunjika, funani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT. 2322 ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2022. Tayala lokalamba limatha kuphulika mano akadalipo. Sipeya nayo ikhale yofanana ndi enawo, makamaka pa galimoto ya 4x4.

Kukweza

Mamilimita 40 mpaka 50 ndi okwanira pa ntchito ya kumunda ndi kumsika. Amapatsa tayala malo ndipo mimba ndi bampala sizigundagunda potsika mumtsinje. Mukapitirira pamenepo, pa galimoto ya 4x4 ma CV, zolumikizira za ekiselo yakutsogolo, amagwira ntchito atapindika kwambiri. Malaba ake amang'ambika, girisi n'kutuluka, mchenga n'kulowa, ndipo posakhalitsa mudzamva kuti kha-kha-kha pokhota.

Zitsulo zongoponyera pamwamba pa sipuling'i ndi zotchipa, koma sipuling'i yotopa imakhala yotopabe. Ngati galimoto yanu yakhala ikunyamula chimanga zaka zambiri, n'kutheka kuti inangofooka kumbuyo, ndipo masipuling'i atsopano a saizi yake yakale angaibwezere msinkhu osafunanso kukweza. Yesani kaye kuchokera pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa madigadi, mbali zonse zinayi, galimoto ilibe katundu. Mukasankha kukweza, gulani masipuling'i ndi mashoko opangidwira limodzi. Makaniko aone kuti mapaipi a buleki sakukokeka, achite alayimenti, ndipo atsitse nyali kuti zisathobwe anzanu m'maso usiku.

Katundu

Apa ndiye tikupemphani mumvetsetse, chifukwa pali miyoyo ya anthu. Kukweza galimoto sikuwonjezera katundu amene ingasenze. Pikapu ya tani imodzi imakhala ya tani imodzibe, ndipo taniyo imawerengera dalaivala ndi onse okwera. Matumba 20 a makilogalamu 50 aidzaza kale. Galimoto yokwezedwa sichedwa kugubuduzika, monga ngolo yosanjidwa matumba mpaka pamwamba, ndipo m'makhotamakhota a ku Chiweta kapena ku Khwekhwerere muyenera kutsika ndi giya yaing'ono, pang'onopang'ono kuposa kale. Katundu wolemera azikhala pansi, kufupi ndi kebini.

Musanasinthe chilichonse, funsani ku Road Traffic ngati galimotoyo idzapatsidwebe COF, ndipo adziwitseni a inshuwalansi mwa kalata, mutsale ndi kope lanu.