Mafunso ndi Mayankho: Njerwa yoponyedwa pamwamba imakagwera pati?

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wa ku Ndirande amene amagwira ntchito yomanga ku Maselema. Akuti: "Tikamaponya zidutswa za njerwa kuchokera pansanja, zina zimakagwera kutali kuposa mmene timaganizira. Kodi chimachititsa ndi kulemera kwake?"

Ayi bambo, kulemera kulibe mlandu. Njerwa yathunthu ndi theka lake, zikachoka m'manja ndi liwiro limodzi, zimakagwera pamodzi. Nkhani yagona pa liwirolo ndi nthawi imene njerwayo yakhala m'malere. Dziko limakokera pansi chilichonse, ndipo liwiro la kugwa limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Mukaima pansanja ya mamita 5, njerwa imafika pansi patatha pafupifupi sekondi imodzi. Ndiye mukaiponya molunjika kutsogolo pa liwiro la mamita 10 pa sekondi, ikagwera mamita 10 kuchokera pakhoma. Mukakwera kufika mamita 20, ikhala m'malere masekondi awiri n'kukagwera pa mamita 20. Mwakwera kanayi, koma mtunda wangowirikiza kawiri. Galileo wa ku Italy anafotokoza kayendedwe aka m'buku lake la 1638.

Chonde bambo, mamita 10 amenewo pansi pamadutsa anthu, ena atasenza katundu pamutu moti sangayang'ane kumwamba. Tsitsani zidutswazo m'ndowa ndi chingwe.

Kalata ina yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 ku Chilomoni: "Aphunzitsi anati chinthu chimapita kutali zedi chikaponyedwa pa madigiri 45. Kodi zili choncho ngakhale utaima paphiri?"

Wafunsa bwino mwanangu. Aphunzitsi ako sananame, koma lamulolo limagwira pamene chinthu chikukagwera pamalo ofanana msinkhu ndi pomwe chachokera. Ukakhala pamwamba, nthawi yokhala m'malere wapatsidwa kale ndi malowo, choncho mphamvu yambiri uiike kutsogolo. Tibwerere pansanja ya mamita 5 ija, liwiro lomwelo. Pa madigiri 45 mwala ugwera pa mamita 13.9, koma pa madigiri 35 ufika 14.4. Pansi pathyathyathya sukanadutsa 10.2. Pamapiri aatali ngati Ndirande kapena Michiru, dzanja liyenera kutsika kwambiri, ndipo kumeneko mphepo nayo imasokoneza masamuwa. Ukamalemba mayeso, yamba wafufuza nthawi imene chinthucho chitenge kuti chifike pansi, kenako uchulukitse ndi liwiro lopita kutsogolo.