UTSI WA PA CHIPALA: TETEZANI ANA ANU

Poyendera malo a malonda monga Nsaru, Kabudula ndi Namitete, timapeza amisiri akusungunula zidutswa za zitsulo pa moto wa makala. Ena amapanga mapoto, ena amachotsa mtovu m'mabatire akale a galimoto. M'madera ena a dziko lino anthu amawotchanso golide wosakaniza ndi mankhwala otchedwa mercury. Ntchitoyi imadyetsa mabanja, koma utsi ndi fumbi lake ndi poizoni.

Mtovu umalowa m'thupi popuma kapena podya ndi manja osasamba. Umachepetsa magazi ndi kuwononga ubongo. Mwana amafooka, amamva m'mimba kupweteka, amalephera kusukulu, ndipo nthawi zina amakomoka. Mercury akatenthedwa amasanduka nthunzi yopanda fungo, imene imawononga mapapo, impso ndi mitsempha, mpaka munthu kumanjenjemera manja.

M'chaka cha 2010, ku Zamfara m'dziko la Nigeria, ana oposa 400 anamwalira chifukwa makolo ankapera miyala ya golide yokhala ndi mtovu pakhomo pomwe. Ngoziyo inalowa m'nyumba ngati fumbi wamba.

Kodi mmisiri achite chiyani?

1. Mangani chipala kutali ndi nyumba, khitchini ndi chitsime, pamalo podutsa mphepo. Muime kumene mphepo ikuchokera.
2. Ana ndi amayi oyembekezera asayandikire.
3. Umitsani zidutswa ndi zikombole musanayambe. Dontho la madzi likakumana ndi chitsulo chosungunuka, chimathovoka n'kulowa m'maso.
4. Valani nsapato zachikopa, magalasi ndi zovala zathonje. Nailoni imasungunuka ndi kumatirira pakhungu.
5. Musaswe mabatire pamudzi, ndipo musasakanize mtovu ndi zitsulo zopangira mapoto.
6. Musadye kapena kusuta pantchito. Sambani ndi sopo, ndipo zovala zantchito zisalowe m'nyumba.

Munthu akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Musapake mazira, mafuta kapena ndowe. Phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo fulumirani naye ku chipatala. Mwana wa mmisiri akadwala, auzeni a chipatala ntchito imene bambo ake amagwira, kuti adziwe poyambira.

Chitsulo chikasweka mmisiri amachisungunulanso, koma ubongo wa mwana ukawonongeka ndi mtovu subwereranso mwakale.