PHUNZILO LA WIKI INO: Filimu ikasila, misozi imapita kuti?



Malemba a wiki ino ni Ezekieli 33:30-33, 1 Samueli 2:27-30 na Aheberi 11:32-38. Conde tsegulani Baibo muyambe mwawawelenga, cifukwa pano ningofotokoza m'mau anga.

Ambili a ife tinatambako filimu ya mtundu uyu. Poyamba amalemba kuti nkhani ni yocitikadi. Ndiye pabwela mnyamata wosauka, kapena timu imene aliyense aiseka. Kuli kocha wokalipa koma wa mtima wabwino, kuli kuvulala, kuli tsiku limene onse afuna kuleka. Kumapeto nyimbo ikwela, wothamanga aoneka monga ayenda m'madzi, ndipo apambana. Mukayang'ana m'nyumba mupeza amayi apukuta maso na citenje, atate akuti ni utsi wa pa mbaula, ana alumpha pa mipando. Ndipo sipalephela kukhala mmodzi, kambili ni uja wa ku koleji, wokamba kuti, "Ah imwe, ni boza iyi, sizinacitike so."

Nifuna titenge filimu imodzi imene Akhristu amaikonda maningi, ndipo alaliki timaigwilitsila nchito mu ulaliki. Dzina lake ni Chariots of Fire. Inatuluka mu 1981 ndipo inapata mphoto zinayi za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana ya caka.

*Nkhani yake*

Eric Liddell anabadwila ku Tianjin, m'dziko la China, mu 1902. Makolo ake anali amishonale ocokela ku Scotland. Anaphunzila pa yunivesite ya Edinburgh, anasewelako rugby mu timu ya dziko la Scotland, ndipo pa liwilo la mamita 100 anali mmodzi mwa akatswili a Britain yonse. Pa masewela a Olympics a ku Paris mu 1924, mipikisano yoyamba ya mamita 100 inaikidwa pa Sondo. Liddell anakana kuthamanga, cifukwa kwa iye Sondo linali tsiku la Ambuye. M'malo mwake analowa mpikisano wa mamita 400, umene ambili sanali kumuyembekezela. Pa 11 July 1924 anathamanga mu mzele wakunja, kumene munthu saona anzake kumbuyo, ndipo anapambana m'masekondi 47.6, natenga mendulo ya golide. Mamita 100 aja anawina mnzake wa timu imodzi, Harold Abrahams.

Zonsezi ni zoona. Manje timupatseko mpata mnzathu wa ku koleji uja, cifukwa nayenso sanalakwe kwenikweni.

Mu filimu, Liddell amva za Sondo pamene akwela sitima ya pamadzi kupita ku France, ndipo mtima wa wotamba ugunda. Zoona zake n'zakuti ndondomeko ya masewela inadziwika miyezi ingapo pasadakhale, ndipo iye anathela nthawi imeneyo akukonzekela mamita 400. Mu filimu muli mnyamata wolemela, Lord Lindsay, amene amusiyila malo ake. Munthu wa dzina limenelo kunalibe, anacita kumupeka olemba filimu. Mlongo wake Jennie amuonetsa monga wotsutsa zothamanga, pamene iye anali kumucilikiza. Kapepala ka lemba la 1 Samueli 2:30 kamene Liddell anapatsidwa asanathamange kanalikodi, koma kanacokela kwa munthu wosisita minofu ya othamanga mu timu ya Britain. Filimu inakaika m'manja mwa wothamanga wa ku America, Jackson Scholz.

Kodi izi zionongetsa nkhani? Kwa ine, zenizeni n'zimene zinilimbikitsa kopambana. Kukamba "iyayi" kamodzi pa doko, nyimbo ikulila kumbuyo, munthu angakwanitse na kutentha kwa mtima cabe. Koma kukana, kenaka n'kukhala miyezi ukudziwa kuti pali anthu akuyesa wagwetsa dziko ulesi, m'mawa uliwonse n'kupita kukaphunzila mtunda wina umene suli wako, apo pafunika cinthu cimene sicisila na nyimbo. Ndipo mtengo wake unali waukulu kuposa mmene filimu ionetsela. Anasiyanso mipikisano iwili yopatsilana kamtengo, ya 4x100 na 4x400, pa cifukwa cimodzimodzi ca Sondo, ndipo matimu a Britain anatenga mamendulo m'yonse iwili iye kulibe.

Nikambeko pang'ono apa, kuti wina asanimvele molakwa. Phunzilo ili silikamba kuti nesi, wapolisi, mlonda kapena dalaivala amene agwila nchito pa Sondo wacimwa. Liddell anatsatila cikumbumtima cake pamaso pa Mulungu, ndipo tibwelelanso ku nkhani ya Sondo kumapeto, muzadabwa.

*Omvela a Ezekieli*

Mneneli Ezekieli anali pakati pa Ayuda otengedwa ukapolo ku Babulo. Kwa zaka anali kucenjeza kuti Yerusalemu adzagwa, ndipo mu caputa 33 munthu wothawa afika na uthenga wakuti mzinda wagwadi. Mwadzidzidzi mneneli akhala wochuka. Anthu akamba za iye m'mbali mwa zipupa na pa makomo a nyumba, aitanizana kuti tiyeni tikamve. Abwela, akhala pansi mwaulemu, amvetsela. Tikanakhala ife tikanati citsitsimutso cafika.

Koma Mulungu amuuza mneneli wake cimene aona. Akuti anthu awa akutenga iwe monga woimba nyimbo zacikondi, wa mau okoma, wodziwa kuliza coimbila. Asangalala nawe, pakamwa akamba zokoma, koma mtima uli ku phindu lao, ndipo pa zimene wakamba palibe cimene acita.

Onani kuti Mulungu sanawadzudzule cifukwa cosakhudzidwa. Anali kukhudzidwa ndithu. Vuto linali lakuti kukhudzidwa kuja n'kumene anali kubwelela, ndipo akakupata anali kupita kunyumba atakhuta.

Opanga mafilimu amadziwa bwino mmene mtima wa munthu ugwilila nchito, ndipo siniwapatsa mlandu, ni nchito yao. Kwa maola awili amakupatsa kumva monga ndiwe wavutika, ndiwe wapilila, ndiwe wadula cingwe pa mzele womalizila. Ukanyamuka pa mpando umadzimva munthu wabwinoko kuposa mmene unakhalila, cikhalilenico sunapeleke kanthu, sunakane kanthu, sunakhululukile munthu. Abale, ise a chalichi ca Mzimu tiyenela kusamala apa kuposa ena onse, cifukwa timadziwa kulila. Kiyibodi ikayamba pansipansi, umboni wamphamvu ukaperekedwa, misozi sivuta. Ine amene nilemba izi nalilapo pa guwa pa Sondo, pa Cibili n'kupezeka nikali kusunga cakukhosi cimodzimodzi cimene n'nalilila.

Misozi si chimo. Yesu analila pa manda a Lazaro. Nehemiya atamva za mpanda wa Yerusalemu anakhala pansi nalila masiku angapo. Koma pitilizani kuwelenga: patapita miyezi pafupifupi inayi, aimilila pamaso pa mfumu Aritasasta na mantha, apempha cilolezo, makalata a paulendo na matabwa.

*Nanga ngati golide sanabwele?*

Apa ndiye pali nkhani imene inanipangitsa kulemba phunzilo ili. Pali njila ina yotambila filimu iyi imene ioneka yauzimu kwambili koma imavulaza anthu. Munthu atuluka na samu m'mutu: Liddell analemekeza Mulungu, Mulungu anamupatsa golide, conco na ine nikakana coipa wiki ino, wiki yamawa breakthrough yanga ifika.

Ndiye ganizilani mlongo amene wakana zofuna za bwana wake, kontrakiti yake n'kusapitilizidwa. Kapena m'bale amene wakana kusaina pepala labodza, ndipo miyezi isanu na umodzi yapita akali pa nyumba, lendi ikumudikila. Anthu otele tili nao m'maselo athu. Akatamba filimu yotele amadzifunsa mumtima kuti, nanga ine n'nalakwa pati? Ena amaleka kubwela ku chalichi mwakacetecete, cifukwa tinawalonjeza mathelo a filimu.

Welengani 1 Samueli 2 yonse. Mau aja akuti Mulungu amalemekeza omulemekeza sanakambidwe kwa wothamanga wofuna mendulo. Anakambidwa kwa wansembe Eli monga cidzudzulo, cifukwa anali kulekelela ana ake, Hofeni na Pinehasi, kudya zonona za nsembe za Mulungu. Lonjezo ni loona, koma lembalo silichula tsiku, ndipo silikamba kuti ulemuwo udzaoneka bwanji. Aheberi 11 aika m'ndandanda umodzi amene anatseka pakamwa pa mikango na amene anaponyedwa miyala, kucekedwa pakati na kuyendayenda atavala zikopa. Onse awacitila umboni wa cikhulupililo. Mu Machitidwe 12 Petro atulutsidwa m'ndende na mngelo, koma mu caputa cimodzimodzi Yakobo aphedwa na lupanga.

Ise a Zambia tidziwa kuti nkhani yeniyeni siyenda monga filimu. Ndeke itagwela m'nyanja pafupi na Libreville mu April 1993, n'kupha anthu 30 kuphatikizapo osewela 18, timu yatsopano inafika mpaka fainolo ya Africa Cup mu 1994 ku Tunisia. Wolemba filimu akanasiliza pamenepo na cikho. Koma tinaluza 2-1 kwa Nigeria. Cikho cinabwela pa 12 February 2012, ku Libreville komweko, Stoppila Sunzu atagoletsa penoti yothela. Tinalila tonse usiku uja, ndipo kunali koyenela. Koma pakati pake panali zaka pafupifupi 19, ndipo mabanja a aja ogona ku Heroes' Acre anazikhala tsiku na tsiku, popanda nyimbo yokwela kumbuyo.

*Zimene filimu inasiya*

Chariots of Fire imasila na cikondwelelo ca 1924, kenaka mau ocepa olembedwa okamba za imfa ya Liddell. Zaka 20 za moyo wake zili m'mau ocepa amenewo.

Mu 1925, akali pamwamba pa kuchuka, anabwelela ku China. Anaphunzitsa pa sukulu ya amishonale ku Tianjin, anakwatila Florence Mackenzie mu 1934, ndipo pambuyo pake anakatumikila kumidzi ya Xiaochang pamene nkhondo ya Japan na China inali itabuka. Mu 1941 zinthu zitaipa, anatumiza mkazi wake, ali na pakati, pamodzi na ana awo aakazi awili ku Canada. Iye anatsala. Mwana wacitatu, Maureen, anabadwila kumeneko, ndipo atate wake sanamuoneko.

Mu 1943 asilikali a Japan anamutsekela mu msasa wa Weihsien pamodzi na alendo ena oposa 1,500. Munali kuthithikana, njala na mikangano. Munalinso ana ambili a sukulu opanda makolo awo. Munthu wa mendulo ya golide anali kuwaphunzitsa sayansi, kuwakonzela masewela, kunyamulila okalamba madzi na malasha. Ana anali kumuitana Uncle Eric.

Manje ija nkhani ya Sondo. Amene anali naye mu msasa anasimba kuti poyamba anakana kuyang'anila masewela a acinyamata pa Sondo. Acinyamata anasewela okha, ndipo masewela anathela m'ndeo. Pambuyo pake Liddell anabwela pa Sondo n'kukhala lefali wao. Munthu amene sanathamange pa Sondo pofuna mendulo yake anaimilila pa bwalo pa Sondo kuti ana a eni asamenyane. Anthu amene amamutenga monga munthu wa malamulo ouma sanamve mbali iyi. Mu zonse ziwili anali kufunsa funso limodzi, lakuti cokondweletsa Ambuye n'citi pano.

Anamwalila mu msasa umenewo pa 21 February 1945, na cotupa ca mu ubongo, ali na zaka 43. Msasa unamasulidwa mu August caka cimeneco, patangopita miyezi isanu na umodzi. Palibe sitediyamu inaimilila. Kodi Mulungu anamulemekeza pa 11 July 1924 cabe, n'kumuiwala pa 21 February 1945? Musafulumile kuyankha. Lisungeni funso ili mpaka ku selo.

*Ku selo wiki ino*

Atsogoleli a maselo, yambani na kuwelenga Ezekieli 33:30-33 mokweza, kawili. Kenaka aliyense akambe ulaliki, umboni kapena filimu imene inamugwetsa misozi caka cino, na cimene anacita pambuyo pake. Ngati palibe cimene munacita, kambani cabe kuti palibe, sitili ku khoti. Mukasiliza, bwelelani ku funso la 21 February 1945.

Cinanso, ndipo ici musacilumphe. Mu selo iliyonse ganizilani munthu mmodzi amene anataya kanthu cifukwa cocita cilungamo ndipo mpaka lelo sanaone cobwezela. Musamuike pa gulupu, musamuuze kuti aonjezele cikhulupililo. Awili a inu mukamuone kunyumba pasanafike pa Sondo, munyamule kathumba ka unga kapena ka malasha monga mwakwanitsila, ndipo mukafika muyambe mwamvetsela musanapemphele.

Makolo amene mudzatamba filimu iyi na ana, ikasila musazime TV n'kubalalika. Auzeni za Weihsien, na za mwana Maureen.

Ambuye akudalitseni. Tionana ku pemphelo la pa Citatu.