SOWETO, MZINDA WA M'MPHEPETE MWA JOHANNESBURG

Kumwera ca kumadzulo kwa Johannesburg, m'dziko la South Africa, kuli mzinda waukulu wochedwa Soweto. Pamene Boma linawerenga anthu m'caka ca 2011, linapeza kuti okhala m'menemo apitirira 1,200,000. Mizinda yambiri iyamba ndi msika, kapena doko, kapena mgodi, ndipo nyumba zimadza pambuyo. Koma Soweto anamangidwa kuti akhale malo ogonako cabe. Nchito inali kwina, masitolo aakulu anali kwina, olamuliranso anali kwina. Cifukwa cace anthu a kumeneko anakhala ndi mafunso awiri masiku onse: adzafika bwanji ku nchito, ndipo adzamva madandaulo ao ndani?

Ciyambi Cace

Golidi anapezeka m'dera limenelo m'caka ca 1886, ndipo amuna a mitundu yambiri anakhamukira kumeneko. Pambuyo pace bungwe la Wenela linatengako amuna a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia. Mu 1904 munagwa mliri m'mzindamo, ndipo Khonsolo ya Azungu inacotsa anthu akuda pakati pa mzinda niwaika ku Klipspruit, pafupi ndi malo otayako zonyansa. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930 inamanga komboni ina yochedwa Orlando.

Pa nthawi ya Nkhondo Yaciwiri anthu anaculuka kwambiri, kotero kuti mabanja awiri kapena atatu anali kupanikizana m'nyumba imodzi. M'mwezi wa March, 1944, mwamuna wina dzina lace James Mpanza, amene anali kukonda kuyenda pa kavalo, anatsogolera anthu osowa nyumba ku malo opanda kanthu pafupi ndi Orlando. Kumeneko anamanga misasa ya mitengo ndi masaka. Gulu lace linali kuchedwa Sofasonke, ndiko kunena kuti, tidzafera pamodzi. Khonsolo inalephera kuwathamangitsa, motero inayamba kuwamangira pokhala.

Mu 1955 Boma la tsankho linayamba kugwetsa nyumba za ku Sophiatown ndi kusamutsira eni ace ku Meadowlands. Pa zaka zomwezo kunamangidwa tinyumba zikwi zambiri ta zipinda zinai, tofanana tonse monga mabokosi a macesi. Boma linagawa anthu potsata zinenero zao. Azulu ndi Axhosa linawaika ku Zola ndi Emdeni, Avenda ndi Atsonga ku Chiawelo, Asotho ndi Atswana ku Naledi, Mapetla ndi Phiri. Dzina ili la Phiri si mfunda monga kwa Acewa. M'Cisotho ndilo dzina la fisi. Mu 1963 makomboni onsewa anapatsidwa dzina limodzi, Soweto, lotengedwa pa malemba oyamba a mau akuti South Western Townships.

Ulendo wa ku Nchito

Wa nchito wa ku Naledi anali kudzuka tambala asanalire. Sitima inali kumtenga kudzera ku New Canada kufikira ku Park Station, pakati pa Johannesburg. Ngolo za sitima zinali kudzaza kotero kuti anyamata ena anali kulendewera pa zitseko, ndipo ambiri anagwa nafa. Ena anali kukwera mabasi a kampani ya PUTCO. Munthu ali yense anayenera kunyamula pasi, imene inali kufanana ndi citupa ca masiku a atsamunda m'dziko lino. Wopezeka wopanda pasi anali kugona kundende.

Kwa munthu wa malipiro ocepa, mtengo wa basi ndi nkhani ya nsima ya ana ace. Mu January, 1957, PUTCO inakweza mtengo wa ulendo wa ku Alexandra, komboni ya kumpoto kwa mzinda, kucokera pa mapeni 4 kufika pa mapeni 5. Anthu anakana kukwera. Kwa miyezi itatu anayenda pansi makilomita ngati 15 m'mawa, ndi enanso 15 madzulo, ndipo anthu a makomboni ena anatsatira citsanzo cao. Potsiriza mtengo unabwerera pa mapeni 4, ndipo lamulo linakakamiza olemba anthu nchito kuthandizako pa ndalama za mabasi. Munthu mmodzi akadakana yekha, basi ikadangomsiya pa njira. Pajatu akulu anati, mutu umodzi susenza denga.

Mau a Anthu m'Khonsolo

Kwa zaka zambiri anthu a m'makomboni anali kuloledwa kusankha mabungwe a alangizi okha. Alangiziwo anali kunena, koma omanga mfundo anali Azungu. Mu 1968 Boma linakhazika bungwe lochedwa Urban Bantu Council, limenenso linalibe mphamvu, ndipo anthu ambiri sanapite kukaponya voti. Mu 1973 ulamuliro wa Soweto unacotsedwa m'manja mwa Khonsolo ya Johannesburg nupatsidwa kwa akapitao a Boma, amene ndalama zao zinali kucokera ku lendi ya nyumba ndi ku malonda a mowa.

Amene anagwedeza ulamuliro umenewu anali ana a sukulu. Boma linalamula kuti masamu ndi maphunziro ena aphunzitsidwe m'Cibunu, cinenero cimene ana ndi aphunzitsi ambiri sanali kucidziwa bwino. Pa 16 June, 1976, ana zikwi zambiri anaturuka m'masukulu nayenda pa ndawala m'miseu ya Orlando. Apolisi anawaombera mfuti. Mmodzi wa oyamba kufa anali Hector Pieterson, mnyamata wa zaka 12. M'miyezi yotsatira anafa anthu mazana ambiri, ndipo acinyamata ena anathawa kukalowa cipani ca African National Congress, cimene likulu lace linali ku Lusaka pa zaka za kuthawa kwao. Mu 1977 ana a sukulu anakakamiza a Urban Bantu Council kutula pansi maudindo ao. Mu 1986 akulu anayamba kukana kulipira lendi, ndipo caka comweco malamulo a pasi anathetsedwa.

Masiku a Ufulu

Mu 1994 anthu a mitundu yonse anaponya voti, ndipo Nelson Mandela, amene nyumba yace yakale ili mu mseu wa Vilakazi ku Orlando West, anakhala Pulezidenti. Mu 2000 Soweto ndi Johannesburg anakhala pansi pa Khonsolo imodzi ndi Meya mmodzi, Amos Masondo. Tsono msonkho wa masitolo a pakati pa mzinda, m'mene anthu a ku Soweto anali kugulamo kuyambira kale, unayamba kuthandizanso kuika tara m'miseu yao.

Pa 30 August, 2009, anayamba kuyenda mabasi a Rea Vaya, kutanthauza kuti, tili kupita. Mabasiwa ali ndi mbali yaoyao ya mseu, motero sacedwa ndi kuculuka kwa magalimoto. Eni timabasi tating'ono anakwiya poopa kutaya malonda, koma atakambirana ndi Khonsolo, ena a iwo analandira magawo m'kampani ya mabasiwo. Mabvuto ena anadzanso. Mu 2020 mbala zinaba nthambo za magetsi a njanji ndi kupasula masiteshoni, ndipo panapita nthawi yaitali sitima zisanayambenso kuyenda. Amene anabvutika koposa anali osauka, pakuti sitima ndiyo inali yotsika mtengo. Katundu wa mzinda ali wa anthu onse, ndipo womuononga aononga za amai ace omwe.

Mafunso

1. Kodi dzina lakuti Soweto linacokera kuti?
2. James Mpanza anacita ciani mu 1944?
3. Cifukwa ninji peni imodzi inali nkhani yaikulu kwa anthu a ku Alexandra?
4. Fotokozani kusiyana kwa bungwe la alangizi ndi Khonsolo yosankhidwa ndi anthu onse.

Zocita

Funsani akulu dzina la khansala wa dera lanu, ndi nchito zimene Khonsolo imacita ndi ndalama za msonkho. Lembani mayankho ao m'makope anu.